Mpheta za Sitandade Sikisi

Kwathu ku Makhanga akuluakulu amachitcha chaka cha nyika, chifukwa ndi chaka chimene tinadya mizu ya m'dambo ija mpaka kuipidwa nayo. Ife amene tinali mu Sitandade Sikisi timachitcha chaka cha mpheta. Tikakumana pamsika masiku ano, ena atabereka kale ana kumbuyo, sitikumbutsana za njala. Wina amangokuwa kuti "seveni taimusi seveni", tonse n'kufa nako kuseka, ogulitsa tomato n'kumatiyang'ana ngati tapenga.

Okutobala

Sukulu yathu inalibe makalasi okwanira. Madzi osefukira a chaka cham'mbuyo anagwetsa buloko imodzi, choncho a Sitandade Faivi, Sikisi ndi Seveni tinkaphunzirira panja. Ife a Sikisi anatipatsa mtengo wa bwemba wa kumapeto kwa bwalo, ndipo mphunzitsi wathu anali a Zuze, bambo wamfupi wa mawu aakulu amene ankayenda ndi chingwe choyezera m'thumba ngati mmisiri. Aphunzitsi ena ankadandaula za fumbi ndi mbuzi zolowerera m'kalasi. A Zuze ankati madzi aja anatichitira chifundo, anatichotsera khoma limene linkatibisira dziko.

Bolodi inalipo, yotsamira patsinde, koma choko chinkakhalitsa. M'mawa uliwonse tinkayamba ndi kuyeza mthunzi wa ndodo imene tinazika pakati pa bwalo. Kenako aliyense ankazungulira kukafuna chinthu chimodzi chimene sanachione dzulo lake, kaya nthenga, kaya chisa cha mavu, n'kudzachifotokoza m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mnzathu Luwizi, mnyamata wamtali wosatha kutseka pakamwa, tsiku lina anabwera ndi ndowe za mvuu atazikulunga m'tsamba, akuganiza kuti amuthamangitsa. A Zuze anangoti pyadidi, kumuyamikira m'Chisena kuti wachita bwino, ndipo tinakhalira kuzitokosa ndi timitengo mpaka masana, kufufuza chimene mvuuyo inadya. Masamu a magawo tinkaphunzira pogawana bwemba, ndipo palibe amene ankalakwitsa, poti wolakwitsa ankadzibera yekha.

Kumapeto kwa mweziwo a Zuze anati kalasi ikhala ndi munda wake kuseri kwa mjigo, ndipo aliyense akapemphe mbewu kwawo. Ambiri anabwera ndi chimanga kapena khobwe. Ine ndinakauza amayi.

Amayi anali ndi kamtsuko kamene kankakhala kudenga, komata ndi dothi pakamwa. Munali mapira ofiira, ocha msanga, osakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowemo. Mapira amenewo agogo anga anawoloka nawo kuchokera ku Mutarara nthawi ya nkhondo, atawamanga pansonga ya chitenje, ndipo asanamwalire anauza amayi kuti mbewu imeneyi isathere m'manja mwawo. Madzi a chaka cham'mbuyo aja anakokolola munda wathu, moti chimene chinatsala mumtsukomo chinali chosadzaza chikho. Amayi ankauyang'ana mtsukowo kawiri patsiku ngati muli mwana wodwala.

Ndinadabwa kuona akuutsitsa, kuswa dothi lija, n'kugawa mbewuyo pakati. Ababa, amene anali kusoka ukonde wawo pakhonde, anaimika singano.

"Mbewu yatsala yomweyi mukapatse ana akaseweretse?"

"Kupatsa n'kuika, bambo a Tereza," amayi anayankha, akundimangira ine Tereza gawo langa m'kansalu.

"Nkhabe. Uku n'kutaya."

Ababa anali munthu wong'ung'udza koma wosaletsa. Anapitiriza kusoka, ine ndinapita nayo mbewu kusukulu.

Disembala

Novembala yense tinathera kuyeza ndi kulima. Chingwe cha a Zuze chinagwira ntchito, ndipo kukula kwa munda tinakuwerengera ndi mapazi athu tisanakulembe m'makope. Tinadula botolo pakati n'kuliika pamtengo kuti tiziyezera mvula, ndipo linakhala milungu ingapo likungosonkhanitsa fumbi ndi nyerere.

Mvula yoyamba inatipeza pakati pa phunziro la Chingerezi. Palibe amene anathawa. A Zuze anabisa mabuku mujumbo n'kutiuza kuti titseke maso tinunkhize nthaka, ndipo m'mawa mwake tinalemba chimangirizo cha fungo limenelo. Ngumbi zinatuluka, tinaphunzira za miyendo ndi mapiko ake, kenako tinadya phunzirolo litakazingidwa. Tinabzala chimanga mbali imodzi, khobwe pakati, mapira a amayi mbali ya kumjigo. Sabata yomweyo amayi nawonso anabzala gawo lawo kumunda wathu wa kutali ndi mudzi.

Januwale

Chaka chatsopano chitangolowa, mvula inadula. Dzuwa la kwathu kuchigwa silifuna kufotokozera, koma la mwezi umenewo linkaswa mtengo. Chimanga cha anthu chinapota masamba ngati anyezi, kenako chinayera. Munda wathu wa kunyumba unali pamalo pamene madzi aja anasiya mchenga, ndipo mapira a amayi anapserera adakali aang'ono, osatsala ndi phando limodzi lomwe.

Kusukulu a Zuze anasandutsa ng'ambayo phunziro. Aliyense anapatsidwa mapando ake, ndipo tikaweruka tinkapopa mjigo n'kuthirira ndi mabotolo. Mzere wina tinauphimbira ndi udzu, wina tinausiya pamtunda, ndipo m'mawa tinkapisa chala m'nthaka kuti tione kumene chinyontho chagona. Manja anachita matuza, tinkakankhana pamjigo ndi amayi a m'mudzi amene ankatinena kuti tikumwetsa munda anthu ali ndi ludzu. Chimanga chathu chinagonja ngakhale tinachithirira. Khobwe anangotipatsa masamba. Koma mapira aja anaima, obiriwira, ngati sakumva zimene zikuchitika m'dziko.

Tsiku lina madzulo ndinaona amayi ataima m'mphepete mwa mundawo, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Sanalowe. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo pobwerera kunyumba anandiuza motsitsa mawu kuti mumtsuko mulibe kanthu, kumunda kulibe kanthu, mbewu ya agogo yatsala ndi yokhayo ya kusukulu. Ndinachita mantha kwambiri. Mpaka tsiku limenelo ndinkathirira kuti ndipose Luwizi, koma kuyambira pamenepo botolo linayamba kundilemera.

Febuluwale

Mvula imene inatikana ife inakagwa kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, ndipo ife tinangolandira madzi ake. Ruo ndi Shire zinadzaza, njira inaduka, chilichonse chinkabwera pa bwato. Mtengo wa chimanga pamsika unkasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo anthu anasiya kugula ndi ndowa, anayamba kugula ndi kambale. Oyandikana nafe anagulitsa mbuzi zawo pamtengo wa nkhuku. Amuna ena anawoloka kukafuna ganyu ku minda ya nzimbe ku Nchalo, ena anapita kwa abale awo ku Mozambiki. Ababa ankabwera ndi tinsomba tochepa, amayi n'kukatisinthitsa ndi madeya. Masiku ena onse inali nyika. Amayi ankalawirira kudambo ndi anzawo, madzi a m'chiuno, wina atayima pamtunda kuyang'anira ng'ona.

Mphekesera ndiye zinali zokhutitsa. Kawiri konse tinamva kuti boti la chimanga cha thandizo lafika padoko, mudzi wonse n'kuthamangira kumeneko ndi matumba, n'kukapeza asodzi akuyanika maukonde.

Kalasi inachepa. Ena ankapita kunyika, ena analibe mphamvu zoyendera. Amene tinkabwera tinkaphunzira zimene zinalipo. Fatima, mtsikana wofatsa amene ndinkakhala naye pamuzu umodzi wa bwemba, anabwera ndi nyika yathunthu, tsamba, duwa ndi muzu womwe, ndipo tinaijambula n'kulemba mayina a ziwalo zake. A Zuze nawo lamba anali atamuboola bowo latsopano, koma mawu sanachepe.

Kumapeto kwa mweziwo mapira anatulutsa ngala. A Zuze anati aliyense asankhe ngala imodzi ikhale yake, aziiyeza ndi ulusi tsiku lililonse ndi kuijambula mmene ikusinthira. Maluwa atayoyoka, anatiuza kuti tiikulunge ndi kachidutswa ka neti yakale yong'ambika, ija anthu amatchingira anapiye, kuti tione ngati ngala yotetezedwa ku tizilombo ingasiyane ndi zinzake. Fatima ataona yake itavala zoyera anaitcha Mkwatibwi, ndipo dzinalo linagwira zonse. Luwizi yekha anakana, yake anati ndi Bwanamkubwa. A Zuze analonjeza kuti pokolola aliyense adzatenga ngala yake n'kuchita nayo chimene akufuna. Ndi njala imene inalipo, palibe amene ankaganiza zina. Luwizi ankafotokoza tsiku ndi tsiku mmene adzamukazingire Bwanamkubwa, ndi kamchere pang'ono, mpaka tonse malovu kudzaza m'kamwa.

Malichi

Pali chinthu chimodzi chimene tonse, ana ndi akulu omwe, tinachiiwala chifukwa chokondwera ndi kubiriwira. Chaka chabwino mapira a mudzi wonse amacha pamodzi, mbalame n'kugawana minda, aliyense n'kuluza pang'ono. Chaka chimenecho anthu ena anabzalanso mochedwa, ena sanabzalenso n'komwe. Munda wokhawo umene unali ndi njere m'dera lonse unali wa Sitandade Sikisi. Tinaupulumutsa ku dzuwa ndi mabotolo athu, osadziwa kuti tikuphikira mpheta zonse za m'chigwa.

Zinayamba zochepa, njere zitangoyamba mkaka. Sabata isanathe zinkabwera ngati utsi.

Ababa anamva amayi akudandaula, ndipo m'mawa wina anatulukira kusukulu ndi mitengo paphewa. Anamanga nsanja pakati pa munda akung'ung'udza kuyambira mtengo woyamba mpaka womaliza, kuti iwo ananena, kuti anthu samva, kuti msodzi wasanduka mmisiri chifukwa cha mapira a eni. Anakoka zingwe za ukonde wakale kuchokera pansanjapo kupita kumakona onse, ife n'kumangirira zitini zokhala ndi timiyala. Pomaliza anaigwedeza nsanjayo kuti aone ngati yalimba, n'kuchoka osatsanzika.

Tsiku lomwelo kalasi inasamuka pansi pa bwemba. Bolodi inakatsamira pa mwendo wa nsanja, awiri ankakwera pamwamba kugwira zingwe, ena tonse tinkamwazikana m'mizere. A Zuze anati kukuwa chabe n'kuwononga mawu, tizikuwa matebulo a masamu. Iwo ankafunsa ali pakati, ife n'kuyankha kuchokera kumakona onse ndi mphamvu zathu zonse, zitini zikulira. Tinazindikira msanga kuti tebulo ya thu mpheta siziiopa, chifukwa tinkaiimba mwaulemu ngati nyimbo ya kutchalitchi. Imene zinkaiopa inali ya seveni, poti pamenepo tinkasemphana mayankho n'kuyamba kukangana. Luwizi ankakuwa fote eyiti, Fatima amene sankamveka mawu chaka chonse ankamubweza ndi ukali kuti fote naini, ndipo mbalame zinkathawa mpaka kutsidya kwa bwalo.

Tinagawana masiku olawirira, ndi a Loweruka ndi Lamlungu omwe. Anyamata anatchera ulimbo panthambi za m'mphepete, ndipo pa nthawi yopuma tinkawotcha mpheta pa kamoto, aliyense kamodzi kapena tiwiri. A Zuze anajambula pabolodi dzuwa, mapira, mpheta ndi munthu, n'kulumikiza ndi mivi. Luwizi anati ndiye kuti mapira athu tikudya kale, angodzera njira yaitali. Anzathu amene anasiya sukulu atamva za nyama anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Ndikunena zoona, m'mimba munali pululu, koma sindikumbukira mwezi wina umene ndinaseka ngati umenewo.

Chakumapeto kwa mweziwo mphekesera ya boti inabweranso, m'mawa wa Loweruka. Ankati banja lililonse lipite lonse, ana akathandize kusenza. Titanamizidwa kawiri, aliyense ankaganiza kuti tikangofika n'kubwerera, ndipo aliyense ankaganizanso kuti mnzake watsala pansanja. A Zuze nawo anali ndi banja lawo lodyetsa. Koma ulendo umenewo boti linalipodi. Tinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, anthu akuimba, amayi ena akuvina ndi matumba opanda kanthu. Za munda palibe anazikumbukira.

Pobwerera, amayi ali ndi thumba pamutu, ine ndili ndi kachigubu ka mafuta, tinaona kamtambo kakuda kakukwera ndi kutsika kuseri kwa sukulu. Amayi anaponya pansi thumba la chimanga limene anadikira miyezi iwiri, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Sindinawaonepo akuthamanga choncho.

Tinapeza ntchito itatha. Ngala zinali zitasanduka timatsache, pansi pali mankhusu okhaokha. Amayi anayenda mzere woyamba akugwira ngala iliyonse, kenako anakhala pansi m'fumbi, manja ali pamutu. Sanalire mokweza. Anangoti, "Yathera m'manja mwanga." Ine ndinalira m'malo mwawo.

Fatima ndi amene anafika pambuyo pathu, wefuwefu, n'kundikoka dzanja. Ananditengera mkati mwa munda. Akwatibwi onse anali chiimire ndi nsalu zawo zoyera, apa ndi apo pakati pa mapesi opanda kanthu. Mpheta zinayesa kujompha, maneti ena anali ndi timabowo, koma njere zinali momwemo, zonenepa, zitayamba kufiira. Ndinaitana amayi. Anamasula mmodzi mosamala, kuyang'ana, n'kumumanganso. Kenako anandifunsa kuti ngala zimenezi n'za yani, ndipo ndinawauza za lonjezo la a Zuze. Amayi anangogwedeza mutu. Anati chinthu cha mwana wanjala sachipempha.

Epulo

Sukulu inatsekera, koma tinkabwerabe kudzayang'anira akwatibwi mpaka njere zitauma. Chimanga cha thandizo chija chinatigwira pang'ono, koma chinali cha kudya kamodzi patsiku, ndipo chinkaoneka kuti sichifika patali. Ine ndinali nditaganiza kale kuti ngala yanga ndidzapatsa amayi. Koma ngala imodzi ndi mbewu ya mapando owerengeka, ndipo nkhuku imodzi ikhoza kuimaliza.

Tsiku lokolola a Zuze anaitana makolo amene akanatha kubwera. Amayi anabwera ndi lichero, ababa anati angodutsa popita kudoko koma anakhala pamuzu wa bwemba. Aliyense anadula ngala yake n'kuivula neti. A Zuze anatifunsa zimene taphunzira pa kusiyana kwa ngala yophimba ndi yosaphimba, ndipo tonse tinaseka, poti yankho linali mbee m'munda monse. Kenako anati lonjezo ndi lonjezo, aliyense atenge yake. Sanawonjezere mawu ena, ngakhale nkhani ya mtsuko wa amayi ankaidziwa, monganso kalasi yonse.

Ena anali atayamba kale kutafuna njere imodziimodzi. Luwizi anamuyang'ana Bwanamkubwa, amene analidi wamkulu kuposa onse, anamununkhiza, n'kuusa moyo ngati munthu wamkulu. Anapita pamene panakhala amayi, anagwada, n'kumuika mu lichero.

"Amayi a Tereza, uyu ndamulera ndekha ndi botolo, sindingathe kumukazinga. Mukamuike mumtsuko muja. Koma chaka cha mawa mudzandiitane ku phala."

Fatima anatsatira, kenako ine, kenako ena onse, ngakhale awiri atatu anayamba abudulako pang'ono n'kuponya m'kamwa. Lichero linadzaza ngala zofiira. Amayi anathokoza m'Chisena kuti takhuta, ndipo anabwereza kangapo.

Tinkaganiza kuti anyamula azipita. M'malo mwake anayamba kufikisa ngalazo ndi manja pomwepo, anapeta, natuma Fatima kukatapa phulusa pamalo pamene tinkawotchera mpheta. Anatisonyeza kasakanizidwe kake, ndi mmene mtsuko amaumatira, a Zuze atakhala pansi pakati pathu ngati mwana wa sukulu. Kenako anatiuza kuti tifole. Aliyense anamutapira kadzanja, atsikana pansonga ya chitenje, anyamata m'thumba la malaya, n'kumuuza kuti akapereke kwa amayi ake ndipo isadyedwe.

Ababa anaimirira. "Mukugawanso? Simunaphunzirepo kanthu chaka chonsechi?"

"Ndaphunzira," amayi anatero. "Ya mumtsuko mwanga inapsa ndi dzuwa. Yatsala ndi imene ndinapatsa ana."

Ababa anavula chipewa. Anayenda pang'onopang'ono kukaima kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa Luwizi, n'kutambasula chipewa chawo. Anati ali ndi kamalo kouma pafupi ndi doko, ndipo poti anthu ataya kale, iwonso atayeko pang'ono.

Chimene amayi anabwerera nacho kunyumba tsiku limenelo chinali chochepa kuposa chimene anali nacho mu Okutobala. Chaka chotsatira mapira ofiira anamera m'minda ya makolo a Sitandade Sikisi yonse, anacha sabata imodzi, ndipo mpheta zinachita kugawana. Luwizi anabwera ku phala osadikira kuitanidwa. Kamtsuko kaja kadakali kudenga kwa amayi mpaka lero, ndipo sikanadzazepo. Koma papita zaka tsopano, sindinawaonenso akukayang'ana.